Lole Inapita Popanda Ine

Amuna anga atapuma ntchito ku positi ya ku Mzimba, boma linatumiza lole yoti itibweze kwathu ku Dedza. Ndi mmene zinkakhalira masiku amenewo: ukapuma ntchito, umakwera pamwamba pa katundu wako n'kupita kumene unabadwira, kaya akukukumbuka kaya ayi. Ine ndinakana kukwera.

Ndinali ndi mphumu. Ikandigwira m'nyengo yozizira, ndinkachita befu ngati nkhuku yothamangitsidwa. Ndinayenda nayo m'zipatala zambiri, ndipo konseko ankangondipatsa mankhwala a chifuwa wamba. Amene anaidziwa anali adokotala a pa boma pomwepo, Mtumbuka wamfupi wosakonda kuseka. Ankadziwa jekeseni yondithandiza, ankadziwanso mapiritsi amene ankanditupitsa nkhope. Ndikangolowa ankandiletsa kulankhula, ankati, "Mama, khalani pasi, musayowoye. Ndamva kale mmene mukupumira."

Tsiku la ulendo, alamu anga aakulu anabwera kudzathandiza kulongedza. Atandiona ndakhala pa mtondo osasuntha, anati, "Mlamu, madokotala ali ponseponse. Mukufuna kufera kwa eni?"

"Kwathuko n'kumene ndingafe msanga, alamu," ndinayankha. "Kumazizira kuposa kuno, ndipo kulibe amene akuchidziwa chifuwa changa."

Amuna anga sanakalipe. Anangofunsa chapansipansi, "Nanga amayi, anthu adzati chiyani?" Ndinati anthuwo anene, mpweya wolankhulira ali nawo wambiri.

Anakwera okha. Ndinatsala ndi mtondo, mphasa, poto ndi bulangete. Ndinachita lendi kachipinda kuseri kwa msika n'kuyamba kukazinga mandasi. Miseche sinachedwe: ati mkazi wa bambo a ku positi wathetsa banja chifukwa cha dokotala. Amayi achipani ankandiyang'ana cham'mbali pondigulitsa khadi, koma mandasi anga ankadya ndithu. Zinkandipweteka, ndisaname. Adokotalawo atawasamutsira ku Jenda, ndinkakwera basi kuwatsatira, ndipo apo miseche inachita kubala ana. Adokotalawo ankangopukusa mutu. "Mama, mbwenu muli na nkhani imwe. Kwezani dzanja la malaya."

Amuna anga ankabwera akakolola, atanyamula thumba la kachewere. Tinkakhala bwino, kuseka ngati kale. Akayamba zoti tipitire limodzi, ndinkangoloza pachifuwa. Chaka ndi chaka ankabwera atachepa thupi, ndipo ndinkawauza kuti atsale kuno awaone adokotala anga. Ankati munda ungagone. Makani tinali nawo tonse awiri, kungoti anthu ankaona anga okha.

Anamwalira ku Dedza ine kulibe. Uthenga unachedwa, ndinafika akukonzeka kunyamula bokosi. Azilamu sanandisendere pamphasa, choncho ndinakhala padothi n'kuyamba kulira. Wina ananong'ona kuti ndikulira manyazi. Ndinkalira amuna anga, amene ndinkawakonda, ndipo mpaka lero sindinapepese kwa aliyense.