Mawu a Atate Akutsalira pa Kanema

Mwaswera bwanji nonse abale anga. Ndangofika kumene kuchokera m'tauni ndi kaseti ija ya vidiyo ya m'ma 90, ya tsiku limene malemu Atate ankatsanzika pasukulu ku Tamanda atapuma pantchito.

Sabata yatha mmisiri wa makompyuta anandiuza kuti kompyuta yanga ikufunika purosesa ina, chipangizo chimene chimayendetsa kompyuta, kuti isamutse kanemayo bwinobwino kuchoka pa kaseti kulowa m'kompyuta. Yaing'ono inalipo pashelefu, koma yamphamvu, tikaitanitsa, ibwera kuchokera ku Lusaka pakatha masabata atatu. Ine ndi phuma langali ndinatenga yaing'onoyo.

Lero taiyesa kwa mmisiriyo m'tauni. Kompyuta ikulephera kuyendera limodzi ndi kaseti, ndiye zithunzi zikudumpha, mawu akutsalira m'mbuyo. Atate akuoneka ataimirira ndi jekete yawo yabulauni ija, milomo ikugwedera koma kuli zii. Atakhala pansi, kamera itatembenukira kwa ana asukulu, m'pamene mawu awo akumveka akuitana Amayi: "Amake Tisa, imirirani anthu akuoneni. Ntchitoyi tagwira awiri." Ndinatuluka panja misozi ili mbwembwembwe.

Mmisiriyo anandilondola n'kunena kuti, "Akulu, kasetiyi yachita nkhungu. Tingaizungulitsenso kamodzi kokha, kupitirira apo iduka. Isungeni mpaka purosesa yabwino ifike."

Ndiye ndithandizeni maganizo. Amayi akundifunsa tsiku ndi tsiku za kanemayu, ndipo nonse mukudziwa mmene afookera. Ndikawaonetse Lamlungu lino zimene tatengazi, Atate akulankhula asakuoneka, kapena tidikire ya ku Lusaka?

Kwa ife masabata atatu si kanthu. Kwa Amayi sindikudziwa.