Zala za Ambane pa mlatho

Ambane anabadwira kutsidya kwa mtsinje, nakwatiwa tsidya lino. Mwamuna wake ndi wanga ndi pachibale, ine ndinachokera kutali. Mkazi ngati Ambane sakhudzidwa pa nkhondo. Amuna a fuko la kuno ndi la kutsidya angathe kuotcherana nyumba ndi kudulirana mitengo ya khofi, koma iye amadutsa pa mlatho thumba lake loluka lili pamutu, wina osamuloza chala.

A kafukufuku wa khansa ya khomo la chiberekero atafika ku chipatala cha kuboma, ankafuna amayi a kuno kumapiri, osati a m'mbali mwa msewu wa tala okhaokha. Koma galimoto lawo linkathera pa mlatho. Amene ankayenda khomo ndi khomo kukopa amayi anali Ambane. Ankawaotchera mbatata za panjira, kuwaberekera ana kumsana, kuwamasulira zonena anamwino. Palibe anamulemba ntchito. Ukamufunsa ankangoti, "Nanga apite ndi ndani?"

Kenaka lole ya Dama, wa fuko la amuna athu, inagunda nkhumba ya kutsidya, ndipo Dama sanaime. Nyumba zinapsa mbali zonse ziwiri, bambo wina wa kutsidya anafa ndi muvi wa pakhosi, galimoto la kafukufuku linaleka kubwera.

Kauna, mlongo wake wa Dama, anali atamupeza ndi chilonda m'kati. Anamwino anamuuza kuti abwerere msanga chisanafalikire, ndipo tsopano anali kutaya magazi. Tinanyamuka atatu wapansi m'mawa, Kauna, Ambane ndi ine, nditasenza madzi.

Pa mlatho tinapeza chipika chopingasa ndi amuna odzola matope a maliro kumaso. Patsogolo panali Gende, mlongo wake wa Ambane, chikwanje chili m'manja.

"Iwe Ambane dutsa," anatero Gende. "Mnzakoyo adutsenso, tilibe naye kanthu. Koma uyo ndi magazi a Dama."

"Achimwene, munthuyu akudwala."

"Akadwalire kwawo."

"Kankhumba kaja kanali koonda ngati inu nomwe. Mpaka kutsekera amayi njira?"

"Za nkhumba tinaiwala, chemwali. Taika munthu m'manda ife!"

Wina anamugwira Kauna tsitsi namugwetsera pa matabwa. Anamuponda m'nthiti, kenaka pamimba pomwe pali nthendapo. Ine ndinataya chigubu. Gende anatukula chikwanje. Ambane anadziponya pamwamba pa Kauna, dzanja lili m'mwamba.

Zala ziwiri zinagwera pa thabwa. Chimodzi chinagubuduka n'kulowa pa mpata, kugwera m'madzi.

Mwamuna wokhetsa magazi a mlongo wake sadya ndi anzake, salowa m'nyumba ya amuna, kufikira atapepesa ndi nkhumba kwa eni mkazi. Amene anali pafupi ndi Gende anafutuka ngati ali ndi khate.

"Wachita chiyani, chitsiru iwe?" anakuwa mkulu wina wa imvi.

Ambane anakhala tsonga, magazi akutsikira m'chigongono. "Amalume, chotsani chipikacho. Kapena mukufuna ndifere pano, mulipire zambiri?"

Anachotsa okha. Ndinamumanga dzanja ndi chingwe cha thumba lake, tinamudzutsa Kauna, n'kuyenda naye pakati pathu mpaka ku tala, kumene basi inatitola. Dalaivala anandiuza ndikolope mipando tisanatsike, ndipo ndinakolopa.

Kauna anamuchita opaleshoni ku chipatala chachikulu. Ali moyo, akulima. A kafukufuku anatumiza uthenga wothokoza mudzi wonse chifukwa chodzipereka.

Nkhumba za chipepeso zinabwera, analandira ndi mwamuna wa Ambane ndi abale ake. Yophedwa tsikulo tinaphika ndife, Ambane akusonkha moto ndi dzanja lamanzere. Kuluka matumba analeka. Amayi akawaitana ku chipatala, amaimabe pakhomo pake m'mawa, ndipo mbatata zawo ndimasenda ndine.