Ababa, ndakafika ku Quelimane

Ababa, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni, ndipo ndili ndi nkhani yoti ndikuuzeni. Mukukumbukira tsiku lija pamsika wa Limbuli, mutayamba kucheza m'Chilomwe ndi mayi wogulitsa kokonati? Ine ndi manyazi anga a kusekondale ndinakukokani malaya poopa kuti anzanga angamve. Inu munatola kokonati mmodzi n'kundigwiritsa. "Usachite manyazi, Esitere. Mitengo yake anadzala ndi agogo ako ku Quelimane, chikwapu chili kumsana. Matumba okweza m'sitima padoko paja ankasenza ndi iwo. Atatopa nazo anathawa wapansi mpaka kuno ku Mulanje."

Mwezi wathawu ndinapitako, Ababa. Ndinaima padokopo, ndinayenda m'minda ya kokonati, ndipo kumudzi wina mayi ena okalamba atamva dzina la bambo anu anandikumbatira n'kulira. Ndi mwana wa mlongo wa bambo anuwo! Zonsezi ndalemba, ndipo dzulo aphunzitsi a ku yunivesite avomereza kafukufuku wanga wa mbiri ya mzindawo. Patsamba loyamba pali dzina lanu, inu wothyola tiyi amene simunalowepo m'kalasi. Tapambana, Ababa. Usani mumtendere.