A Rasmie Sankakhotera Kumanzere

Msuweni wanga, a Rasmie Isbister, anali munthu woweta nkhosa, wosamwa mowa, wosatukwana, wopereka moni ngakhale kwa agalu. Vuto lawo linali limodzi: kwa zaka zambiri, akakhala pachiwongolero, sankakhotera kumanzere.

Galimoto yawo inali yaing'ono, ya zija zokoka ndi matayala onse anayi, yobiriwira m'malo amene dzimbiri linali lisanafike. Chitseko chakumbuyo ankachimanga ndi chingwe chabuluu, chomwe timamangira chilichonse pano pa chilumba cha Skarva, kuyambira geti mpaka denga la tchalitchi. M'menemo munkalowa nkhosa, udzu, nsomba, ndipo Lamlungu munkalowa amayi awo atavala chipewa.

Phokoso linayamba chaka chimene amayiwo anamwalira. A Rasmie akukhotera kumanzere kulowa kusitolo kwanga, pansi pa galimoto panamveka teke-teke-teke. Atawongola chiwongolero, zii. Anayesa kukhotera kumanja, zii. Atakhoteranso kumanzere kwambiri, teke-teke-teke. Analowa m'sitolomo nkhope itagwa, n'kugula shuga amene sankamufuna.

Wodziwa zitsulo pano ndi a Ertie Mouat, amene amakonza injini za maboti. Iwo anakweza galimoto pa jeke, n'kuzunguza matayala ndi manja, koma sinalire. Anati matendawa ndi aja obisala akaona dokotala, ayenera kuwamvera ikuyenda. Choyamba anagona m'ngalande pakona ya sitolo, a Rasmie n'kumadutsa, koma chimene anamva ndi matope m'khutu. Kenako anapisa mtengo wa tsache pabowo la dzimbiri limene linali pansi pa mpando, mbali ina kukhudza chitsulo, mbali ina pakhutu. Galimoto itagwa m'dzenje, khutulo silinamvenso mpaka lero. Namwino wathu anabwereketsa kachipangizo kake komvera pachifuwa, koma kanangotiuza kuti injini ili moyo, zimene tinkadziwa kale.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ife tinadekha mpaka nkhosa zinaswa, maso osaoneka. Lero a Ertie ankati ndi mfundo ya chitsulo kuseri kwa tayala lakutsogolo, girisi wauma. Mawa ankati mwina ndi kamwala chabe. Abusa anati angakhale sipanala yoiwalika. Kuti tidziwe zoona panafunika kumasula, ndipo aliyense amadziwa kuti chimene a Ertie amasula sichibwereranso m'malo: pabwalo pawo padzaza zinthu zimene anangofuna kuziona m'kati. Njira ina inali kuikweza sitima kupita nayo ku tauni ya Lerwick, kutsidya kwa nyanja. Koma galimoto zathu zimakhala ndi moyo chifukwa sizituluka pachilumba. Anthu oyeza magalimoto akanangoona dzimbiri lija ndi chingwe chabuluu, sikanabwerako.

Ndiye a Rasmie anaganiza mwa iwo okha. Anati ngati ikulira pokhotera kumanzere, ndiye kuti kumanzereko sikukufuna, nanga n'kuikakamiziranji?

Msewu wathu ndi umodzi, wopapatiza, ngalande uku ndi uku, ndipo umazungulira chilumba chonse. Nyumba ya a Rasmie inali kumtunda kwa msewu. Akatuluka pageti n'kukhotera kumanja, phiri linkakhala kumanja kwawo, nyanja kumanzere, ndipo akazungulira ankalowanso pageti pawo mokhotera kumanja. Zonse za kumtunda zinali zawo. Zonse za kumunsi, ku nyanja, zinatsekeka. Akafuna kuona nkhosa za kuseri kwa khola lawo lomwe, ankayamba azungulira dziko lonse. Akabwera kusitolo kwanga ankangoima pakati pa msewu, ofuna kudutsa n'kudikira. Poyamba tinkaseka, kenako tinazolowera, moti tikaona galimoto yobiriwira ikudutsa tinkadziwa kuti madzi a tiyi angathe kuwira isanabwerenso.

Tsoka lake, a Osla Leask ankakhala kumunsi.

A Osla anali mayi wamasiye, woluka majuzi ndi kuweta nkhuku, wa pakamwa posachedwa kuyankha. Kuti a Rasmie ankawafuna, ngakhale nkhukuzo zinkadziwa. Ife tikakumana pamsewu timakweza chala chimodzi pachiwongolero, basi moni watha. A Rasmie akamadutsa pakanjira ka a Osla ankakweza ziwiri. Koma kuno mwamuna safunsira ndi pakamwa. Amakaimika galimoto yake pabwalo pa mkazi Lamlungu masana, poti aliyense aione, ndipo mkazi akapanda kumuuza kuti aisunthe, nkhani yatha. A Rasmie ankatsikira kumeneko wapansi, atanyamula mwendo wa nkhosa wouma. A Osla ankalandira nyamayo, n'kuwapatsa tiyi, n'kuwaperekeza pakhomo. Kwa ine ankati munthu wapansi amabwera kudzabwereka makwerero, iwo sangakwatiwe ndi wobwereka makwerero.

Zinayenda choncho mpaka tsitsi la onse awiri linachita imvi. Kenako mwana wa a Osla, amene amagwira ntchito ku Lerwick, anayamba kuwaitana kuti akakhale naye chisanu chisanafike. Tinkayesa nkhambakamwa, mpaka tsiku limene a Osla anayamba kugawa nkhuku. Ine anandibweretsera yakuda ija, yoikira mazira aakulu. Mkazi akagawa nkhuku ndiye kuti wamanga kale katundu mumtima, ndipo ine zinandipsetsa mtima kwambiri.

A Rasmie atabwera kudzagula mafuta a nyale, ndinatseka chitseko cha sitolo.

"Msuweni, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mkazi uja akupita. Mungokhota kamodzi kokha, mwafika."

"Ikathyoka, Lowra? Amayi anakhalamo m'mene muja."

"Ndiye itembenukeni, bambo inu. Ikayang'ana uko mukuchokera, kwa a Osla kukhala kumanja."

Anandiuza kuti kutembenuza galimoto pamsewu wopapatiza kumafuna kukhotetsa chiwongolero mbali zonse ziwiri, ngati kuti ine sindinayendetsepo. Ndinati tiinyamula, monga timanyamulira maboti pokweza kumtunda. Anayang'ana shelefu ya sopo nthawi yaitali.

"Nanga kwathu?"

"Kwanu kudzakhala kumanzere."

Nyumba imeneyo ndi imene anabadwiramo, mpando wa amayi awo unali ukadali pafupi ndi moto. Ndinawamvera chisoni, koma sindinabweze mawu anga. Anatuluka n'kuiwala mafuta aja pakauntala.

Lamlungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, tinapeza galimoto yobiriwira itaima pakati pa msewu, a Rasmie ali m'kati, atavala jekete ya maliro a amayi awo. Anatsitsa galasi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Nditembenuzeni." A Ertie anavula chipewa n'kulengeza kuti misana yathu yakalamba, titembenuza kamodzi kokha, asadzabwere mawa kuti asintha maganizo. A Rasmie anavomera, koma kutsika anakana. Anati chiigulireni galimotoyo sinasunthepo iwo ali kunja.

Mutu umodzi susenza denga, nanji galimoto yokhala ndi mwini wake m'kati. Tinagwira tonse, amuna ndi akazi, abusa ndi namwino, zovala za kutchalitchi zili m'thupi. A Ertie ankaitanira ngati pokoka boti, ife n'kunyamula, n'kusuntha pang'ono, n'kutula. Chitsulo chakutsogolo chinatsalira m'manja mwa abusa, tinachimangirira ndi chingwe chabuluu. A Rasmie anagwira chiwongolero ndi manja awiri, maso patsogolo, akutembenuka pang'onopang'ono mpaka nyanja inabwera kumanja kwawo.

Ananyamuka mwa liwiro la munthu wapansi, ife tikutsatira m'mbuyo. Pakanjira ka a Osla anakhotera kumanja, galimoto ili chete, n'kukaima pabwalo pafupi ndi khola lopanda kanthu. A Osla anatuluka ndi juzi yosamaliza m'manja. Anayang'ana galimoto, anayang'ana mpingo wonse uli ndi girisi m'malaya.

"Mwachedwa, a Rasmie. Nkhuku ndagawa zonse."

"Tikazitenga, mayi."

"Ndiye zimitsani injiniyo, ikundinunkhitsira zochapa."

Sanawauze kuti aisunthe. Dzuwa lisanalowe aliyense anali atabweza nkhuku yake. Ine ndinabweza yakuda ija, ngakhale inali itayamba kundiikira.

Anakhala bwino anthu awiriwa, mokangana pang'ono ngati anthu onse. A Rasmie ankazungulirabe chilumba, koma tsopano mbali inayo, ndipo nthawi ya tiyi inatisokonekera tonse. Kunyumba kwawo kwakale ankapitako wapansi, kenako mwendo utayamba kuvuta analeka, nkhosa n'kulowamo. Akamadutsa pageti paja ankakweza chala chimodzi.

A Rasmie anamwalira chilimwe chathachi, atakhala pampando, nsapato imodzi atavula. Kuno munthu amapita kumanda pagalimoto yake, ndipo manda athu ali paphiri, kumtunda kwa msewu. A Ertie anati za kunyamulanso galimoto n'kuitembenuza tisayerekeze, theka la amene ananyamula tsiku lija ali kale kumandako. Choncho tinalowetsa bokosi kumbuyo, mbali yotsalira kunja n'kuimanga ndi chingwe. Ine ndinakhala pachiwongolero, a Osla pambali panga, anthu wapansi m'mbuyo.

Titafika pakanjira ka kumanda ndinaima. A Osla anati, "Khota, Lowra. Akakwiya atiuza."

Ndinakhotetsa chiwongolero kumanzere mpaka pomalizira. Teke-teke-teke. Anthu onse anaima chilili. A Ertie anathamangira pambali pa tayala atawerama, khutu lamoyo lija ali nalo pansi. Teke-teke-teke, kenako zii, galimoto n'kukwera phiri bwinobwino, osathyoka kanthu, osagwa ngakhale nati imodzi.

A Osla anali asanalimvepo phokosoli. Analimvera m'nkhani zokha, poti kuyambira tsiku limene linayamba, galimotoyo sinakhoterepo kumanzere iwo ali pafupi. Titafika pampanda wa manda, anatembenukira kwa ine.

"Ndi kameneka?" anatero. "Zaka zonse zija ndinkagona ndekha chifukwa cha kameneka?"

Anaseka, misozi ikutsika, n'kumenya bokosi ndi chikhatho ngati mmene ankawamenyera paphewa akalowa ndi matope m'nyumba. Abusa anali atatsegula kale buku pambali pa dzenje. Ine ndinafuna kuzimitsa injini, koma a Osla anandigwira dzanja.

"Usazimitse. Zungulira mpandawu, chakumanzere. Munthuyu ali ndi ulendo wa kumanzere umene sanayende."

Tinazungulira, pakona iliyonse teke-teke-teke, a Ertie akutsimphina m'mbuyo mwathu n'kumakuwa kuti tsopano akuganiza kuti ndi kamwala ndithu. Titafikanso pageti, a Osla anati tibwerezenso, ndipo abusa anatseka buku n'kudikira.