Msewu Wopita kwa Azakhali

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 4 kwathu ku Tsangano. Tsiku lina aphunzitsi anapachika mapu pabolodi n'kutiuza kuti msewu wafumbi wodutsa pamsika paja ndiwo malire: uku Malawi, tsidya linalo Mozambique. "Wolowa m'dziko la eni wopanda pasipoti amamangidwa," anatero.

Ine ndinachita mantha. Azakhali anga ankakhala tsidya lomwelo, ndipo Loweruka lake kunali ukwati wa mwana wawo. Ndinali m'gulu la atsikana okavina uyeni, gule wathu wa Chingoni, mikanda nditatunga kale. Nditafika kunyumba ndinanena kuti sindipita.

Bambo anali pakhonde, akusankha mbewu ya kachewere. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Kumigodi ku Joni ndinapitadi ndi chitupa, mayi. Koma kwa mlongo wanga?"

Anandigwira dzanja mpaka kumsewu kuja. Anaima pakatikati atatangadza, mwendo wina kuno, wina uko.

"Tandiuza, apolisiwo amanga mwendo uti?"

Amayi ena ogulitsa kabichi pamsewupo anafa nako kuseka, inenso ndinaseka misozi ikadali m'maso. Kenako bambo anandilozera mitengo yowirira paphiri la tsidya lija. Anati pamenepo ndi pamene anagona agogo awo, Angoni amene anabwera ndi ng'ombe kuchokera kummwera n'kukwatirana ndi anthu amene anawapeza kuno. Pambuyo pake Angelezi ndi Apwitikizi anagawana dzikoli papepala, osafunsako mwini munda ndi mmodzi yemwe. Khola linatsala kuno, dambo lodyetsera ng'ombe n'kupita uko.

"Aphunzitsi sananame, pamayeso ukalembe zomwezo," anatero. "Koma Loweruka tilawirira."

Loweruka litafika, ndinawoloka msewuwo nditatsinzina, nditagwiritsa chitenje cha amayi. Amene anandigwira ndi azakhali okha, anandikumbatira mpaka mpweya kundichepera. Tinavina tsiku limenelo, madoda akuponda gule wa ngoma ndi zishango zawo, fumbi lili koboo, ndipo sukanadziwa kuti wa dziko liti ndani.

Lero ndine mayi, ndipo malamulo a boma ndimawalemekeza. Koma ndinazindikira kuti makolo athu analipo kale, ndi minda yawo, magule awo ndi manda awo, mzere uja usanalembedwe. Ndikagwada kupemphera ndimathokoza Ambuye pondipatsa bambo amene anandichotsa mantha ndi nthabwala, ndipo abale a mbali zonse ziwiri ndimawatchula pamodzi, chifukwa Iye anatiika pano tili mudzi umodzi.