Foni ya malemu achimwene yawatchula dzina

Mwaswera bwanji abale.

Lero amayi anandiitana kuti ndiwaonetse zithunzi m'foni ya malemu achimwene a Zeka, ija tinawapatsa pogawa katundu. Chala chinaphonya, kunatseguka saiti ya aposta, zobetcha mpira zija. Sinafunse n'komwe nambala yachinsinsi. Pamwamba panalembedwa m'Chipwitikizi kuti, "Takulandiraninso, Zeka."

Amayi anati, "Akuti chiyani?" Ndinawerenga. Anakhala pansi n'kunena kuti, "Mwanayu ndinam'bereka kumsana pochoka ku Malawi nkhondo itatha, koma izi sindimazidziwa."

Ndinapita nayo kwa wokonza mafoni pamsika wa Chifunde. Akuti ndi makuki, tizinthu timene saiti imasiya m'foni kuti izikukumbukira. Nambala yolipirira ikadali momwemo, ndipo aliyense woigwira angaone zonse, ngakhale kubetcha m'dzina lawo. Akuti tifufute.

Amayi akukana. Akuti, "Nonsenu mwayamba kunena kuti malemu. Ichi chokha ndicho chikumuitanabe dzina."

Amalume, azakhali, nditani? Foni ili m'manja mwangamu, koma chala chikukana.