Samani Inabwera Mayi Safiya Ali pa Edda

Mayi Safiya ndakhala nawo moyandikana ku Makokoba, mu mzinda wa Bulawayo, kuyambira ndili mtsikana, ndipo palibe munthu amene wanditopetsa ndi kufatsa ngati iwowa. Anachokera ku Mangochi kutsatira amuna awo, bambo Bashiri, amene ankawotcherera zitsulo ku Donnington. Mayiwa ankakazinga mandasi n'kumagulitsa pageti la holo ya mowa, ngakhale mowawo sanaulawepo. Amandebele ankawaitana NaFadhila, kutanthauza mayi a Fadhila, potengera mwana wawo mmodzi yekhayo amene anakwatiwa ku Hwange. Kanyumba ka zipinda ziwiri ndiko kanali chuma chawo chonse.

Bambo Bashiri anamwalira mu 1983. Mwa mwambo wa Chisilamu mayiwa analowa edda, ndiko kuti miyezi inayi ndi masiku angapo osatuluka m'nyumba, osaonana ndi mwamuna wachilendo. Mlamu wawo Abbas, mng'ono wa malemu, ndiye ankakhala pakhonde kulandira alendo. Ife n'kumamuyamikira kuti koma ndiye munthu wachisoni. Osadziwa kuti iyeyu anali atakasuma kale kukhoti, ati nyumba ya mkulu wake ndi yake, mkaziyo achoke.

Mesenjala wa khoti anafika pa njinga atanyamula samani. Mayi Safiya atamva mawu a mwamuna anabisala kuseri kwa katani. Abbas anati, "Ali pa edda, sangatuluke. Ndine wapakhomo pano, ndipatseni." Mesenjala uja anapereka pepala osafunsa n'komwe dzina. Taganizani, samani kulandiridwa ndi wosuma yemweyo! Tsiku la mlandu mayiwa sanaoneke, khoti n'kugamula kuti atuluke m'nyumba.

Edda itangotha kunabwera anthu n'kuyamba kuunjika katundu panja: bedi, chiwaya cha mandasi, ngakhale mkeka wopempherera. Ndinathamangirako.

"NaFadhila, kwachitika chiyani?"

"Kaya mwanangu Loice. Mulungu ndiye akudziwa."

"Hayi bo, mama! Mulungu akudziwa, koma majisitireti sakudziwa!"

Anayamba kugona kukhitchini kwanga. Anzawo a kumzikiti anawapezera loya, ndipo iye anati chigamulo choperekedwa munthu kulibe chimafafanizika ngati samani sinamufike moyenera. Chofunika n'chakuti mwiniwake akalumbire kuti pepalalo sanalione. Apa ndiye panavuta. Mayi Safiya anakana.

"Ndikayalutse m'bale wa malemu pamaso pa anthu? Bashiri wangoikidwa kumene."

Ndinakwiya kwambiri. Munthu akugona pambali pa mbaula, m'nyumba mwake muli wina akumwa tiyi m'makapu ake, iye n'kumaopa kuyalutsa mlamu! Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, ndinawanyanyala. Anavomera tsiku limene anaona Abbas akudula mtengo wa mandimu umene amuna awo anadzala.

Kukhoti majisitireti anafunsa mesenjala kuti samaniyo anapatsa ndani. Mesenjala anayang'anayang'ana, n'kuloza Abbas. Abbas anaimirira mopanda manyazi n'kuti, "Ine ndimalemekeza edda, bwana. Sindikanawasokoneza alamu ndi mapepala." Ndikanakhala ndi chiwaya chija m'manja, sindikudziwa kuti zikanatha bwanji.

Majisitireti anafafaniza chigamulo, n'kulamula kuti mayiwa abwerere m'nyumba. Ine ndinaimba nthungululu mpaka wapolisi kundiyang'ana. Titatuluka loya anandikhazika mtima pansi. Anati nyumba sinakhale yawo ayi, chatheka n'chakuti mlandu uyambirenso, ndipo akhoza kuluza ndithu. Kuyenda konse kuja, nsapato kutha, kungoti tibwerere poyambira.

Patapita sabata mesenjala yemwe uja anafikanso, ulendo uno akufunsa dzina kawiri kawiri. Ndinali pomwepo tikupeta mpunga. Mayi Safiya anapukuta m'manja, anagwada, n'kulandira samaniyo ndi manja awiri ngati mphatso. Anathokozanso.

"Mama, mukuthokoza chiyani? Pepalali likufuna kukulandani nyumba!"

Analiyang'ana kwa nthawi, ngakhale kuwerenga Chingerezi satha, kenaka analipinda bwinobwino n'kulimanga pa nsonga ya chitenje.

"Ndamva, mwanangu. Koma chibwerereni ku Bulawayo kuno, aka n'koyamba boma kundiitana ine ndi dzina langa. Ndikayankha ndekha."